Wouzira Fumbi m'Kaseti

Pa siteji ya mabasi opita ku Chelstone, mayi wina wovala za ku ofesi anali ataweramira foni yake, zala zili kalikiliki. Bambo amene anaima pambuyo pake anasuzumira.

"Ba mayo, si gemu ija yakale ya pa TV iyo? Mwaipeza kuti?"

"Pa intaneti. Mungotsegula peji, mwayamba kusewela."

"Samalani. Amene anaiika apo alibe chilolezo. Pa malamulo, uko ni kuba."

"Nasakila kogula mpaka ku msika wa Soweto, kulibe wogulitsa. Mwine wake akabwela, nizamulipila."

"Koma munthu mkulu ngati imwe, kuipitsa dzina chifukwa cha kamunthu kolumphalumpha?"

"Ba tata, kwathu ku Kabwata tinali nayo makina ya gemu iyi. Alongo anga anayi anali kusewela, ati si za akazi. Kaseti ikakana, nchito yanga inali kuuzila fumbi, kubweza, na kupenyelela chabe. Zaka sate niyembekeza nthawi yanga."

"Basi yabwela, kwelani."

"Pitani imwe. Nafika pamene onse anayi anali kufela, ndipo ine nikali na miyoyo itatu."