Ngalande Imene Ndinakumba M'dambo la Amayi

Olemekezeka Mfumu ya dera lathu, Mayi Verna Halkett, pamodzi ndi makhansala anu, Mphunzitsi Wamkulu wa sukulu ya Loon Portage, Bambo Clifford Ratt, akuluakulu athu amene mwakhala kutsogoloku, oyang'anira nkhalango, makolo, aphunzitsi, ndi inu ana amene mwapirira udzudzu m'mawa wonse uno: ndakulonjerani nonse.

Bambo Ratt atandiimbira foni kuti ndidzatsegule kalasi la m'nkhalangoli, ndinawafunsa ngati sanalakwitse nambala. Ine Alphonse Durocher sukulu sindinapite nayo patali. Ndakalamba ndikuyendetsa katapila, chimakina chokumba nthaka ndi kugwetsa mitengo, ndipo mitengo imene ndagwetsa ndi yambiri kuposa imene ndadzala. Anandiyankha kuti n'chifukwa chake akufuna ineyo. Ndiye ndiloleni ndikuuzeni za dambo lili kuseri kwa mitengo ya painiyi.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, kampani ina yodula mitengo inandilemba ntchito yokumba ngalande youmitsa dambolo, kuti msewu wa malole udutse. Tsiku lachiwiri, achemwali anga a Marceline anatulukira ndi ndowa ya zipatso, n'kuima kutsogolo kwa katapila mpaka ndinazimitsa injini. Sanakalipe. Anazula ndere zodzaza dzanja, n'kuzifinya madzi ali chuchuchu, ndipo anandikumbutsa kuti amayi ankatola ndere pamalo omwewo, n'kuziyanika panthambi, kuti zikhale matewera athu.

"Iwe Alphonse," anatero, "matako akowo anakulira mu ndere zimenezi, ndipo wokusintha ndinali ine. Lero wamera ndevu, ndiye wabwera kudzathokoza ndi katapila?"

Sekani ndithu ana inu, anzanga a kuntchito nawonso anaseka. Ine ndinachita manyazi, manyaziwo n'kusanduka mkwiyo. Ndinawayankha kuti mkazi wanga ndi woyembekezera, ndipo mwana sadya ndere. Anandiyang'ana, ananyamula ndowa yawo, n'kumapita. Ngalandeyo ndinaimaliza Lachisanu.

Patatha zaka zitatu dambo linali litauma gwa. Zipatso zinatha. Kamtsinje kamene nsomba zinkakweramo kudzaikira mazira kankasefukira nyengo ya chisanu ikatha, kenaka n'kuphwa dzuwa likatentha, July asanathe, pakuti ndere zija ndi zimene zinkasunga madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Maukonde a bambo anga anayamba kubwera opepuka. Kampani inatenga mitengo yake n'kuchoka. Achemwali sanandinenepo kanthu; nyengo ya zipatso ikafika ankapalasa bwato tsiku lathunthu kukatola kutali, n'kubweretsera ana anga botolo la jamu. Jamu ameneyo ankandikanika kumeza.

Nditakwanitsa zaka makumi anayi ndinabwereka chimakina cha katapila, n'kukwirira ngalande ija ndekha. Ndinkayesa kuti chaka chotsatira zonse zibwerera mwakale, koma chimene ndinawononga m'masiku asanu chinatenga zaka makumi awiri kuti chiyambe kupola. Pamene zipatso zoyamba zinaoneka, achemwali miyendo inali itafooka, choncho ndinawabereka kumsana kuchokera kumsewu mpaka kudambo. Anatola kachipatso kamodzi, analawa, nati n'kowawasa ngati kale. Ndinawapempha kuti andikhululukire. Anandiuza kuti ndisiye kulira, ndiziyang'ana pamene ndikuponda ndingawagwetsere m'matope. Anatisiya m'nyengo ya chisanu yotsatira.

Ana inu, kalasi lanuli lilibe denga, lilibenso belu. Muno muphunzira mmene paini amamereranso moto ukadutsa, kumene mbalame za kumwera zimadzaswera, ndi njira imene madzi amayenda asanafike m'kapu yanu. Ine zimenezi ndinazidziwa mochedwa, ena atavutika kale chifukwa cha ine. Inu muzidziwa mukadali ndi mano a mkaka, ndipo tsiku lina ntchito ikadzakufikitsani pamalo ngati awa, mudzadziwa chimene chili pansi pa mapazi anu.

Ndikuthokoza aphunzitsi ndi akuluakulu amene alambula njira ya m'nkhalangoyi ndi manja awo, sabata ndi sabata, osatopa. Kwa makolo ndili ndi pempho limodzi: mwana akabwera kunyumba nsapato zili matope okhaokha, manja akununkhira utomoni, musamukalipire. Mumufunse zimene waona, ndipo mumumvetsere mpaka amalize.

Tsopano, ndi chilolezo chanu Mfumu, ndikulengeza kuti kalasi la m'nkhalango la sukulu ya Loon Portage latsegulidwa. Ana atsogole, ife akulu tibwere pambuyo.

Zikomo kwambiri.