Funso la Tadala

Abale ndi alongo, ndakulonjerani nonse m'dzina la Ambuye.

Tsiku limenelo chipale chofewa cha nyengo yozizira chinali kusungunuka. Madzi ankadontha padenga la holo ya mpingo wathu wakale ku Brampton, kuno kutsidya kwa nyanja, tho, tho, ndipo panja mabasi ankafuula akamaima. Tinkakumbukira malemu mkazi wanga, patatha chaka chimwalirireni.

Mwana wanga Tadala anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mlaliki atanena kuti Mulungu amathyola maluwa okongola, Tadala anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. Anafunsa m'Chingerezi kuti, ngati Mulungu ali nawo kale maluwa ambiri, anatengeranji amayi ake?

A Mbewe, mkulu wa mpingowo, anadzuka atamanga tayi mpaka pakholingo. "Iwe, tsitsa dzanjalo. A Nkhoma, mwanayu mukumulera kapena mukumuweta?"

Anthu anaseka. Pa mwambo wa malemu, abale, anthu akuluakulu a imvi zawo anaseka mwana wamasiye. Ine bambo wake ndinangoti, "Tadala, khala pansi."

Anakhaladi pansi. Kuchokera pamenepo sanalowenso m'tchalitchi, sanapempherenso, ndipo sanandifunsenso kanthu. Ngakhale pamene pali mchere, ankafufuza yekha. Chaka chathunthu ndinakhala m'nyumba ndi mwana wosafunsa.

Alangizi sanasowe. Wina anati ndimulande foni. Wina anati ndimunyengerere ndi pitsa, ngati chikhulupiriro chimabwera m'katoni. A Mbewe anati ndimutumize ku Dedza kwa azakhali ake akamuwongole. Awa ndi anthu amene ana awo amakhala kumbuyo kwa tchalitchi atatseka makutu ndi nyimbo, koma poti ali chete amawatcha aulemu. Ndi mtembo womwe umakhala chete.

Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Ndinkasamalira a Aroni, Myuda wokalamba wa ku North York. Pasika wawo atafika, anandipempha nditsale kuti ndiwathandize patebulo. Zonse zinali zachilendo: buledi wosafufuma, masamba owawa, madzi a mchere, anthu kudya atatsamira mapilo. Ndinanong'ona, "Agogo, zonsezi n'zachiyani?"

Anaseka. "Waona? Wafunsa. Tebulo timalisokoneza dala kuti ana afunse. Mwana akapanda kufunsa, nkhaniyo tiifotokozere ndani?"

Kenako kamdzukulu kawo kanaimirira pampando, n'kuyamba kuimba mafunso ake. Palibe anati tsitsa dzanja. Anakawombera m'manja. Ine ndinapita kubafa kukalira.

Mawa lake ndinaika mbale zitatu patebulo pathu, ndi kapu ya malemu, muli madzi a mchere. Tadala anayang'ana nthawi yaitali. Ndiwo zinayamba kuzizira.

"Dadi, mbale iyi ndi ya ndani?"

"Ya amako. Funsanso."

Anandiyang'ana ngati akuopa msampha. Kenako anabwereza funso lija, mawu omwe aja.

Ndinati, "Sindikudziwa, mwanawe. Nanenso ndimamufunsa tsiku ndi tsiku. Ndinalakwa kukukhazika pansi."

Tinalira. Tinadya ndiwo zozizira. Titamaliza anati, "Ndiye tiyeni timufunsire limodzi." Limenelo ndilo linali pemphero lake loyamba.

A Mbewe atamva, analengeza pagulu la pafoni kuti a Nkhoma asanduka Myuda, mawa avala kachipewa ka Ayuda. Munthu wolalikira za Mose chaka ndi chaka, koma dzanja la mwana mmodzi linamuopsa. Sindinasanduke Myuda. Ndinangophunzira kwa nkhalamba imene ndinkaisambitsa.

Lero ndikadali ndekha, ndikadali pa ntchito yomweyo. A Aroni anatisiya. Lachisanu lililonse ndimaika chinthu chachilendo patebulo, ndipo Tadala amafunsa mpaka tiyi kuzizira. Ambiri mwa mafunsowo sindiwatha. Ndi uyo wakhala apoyo, pafupi ndi zenera, wabwera yekha osakokedwa. Ndikuthokoza Mulungu.

A Mbewe ndi onse amene anaseka tsiku lija sanapepese. Ine ndinawakhululukira.