Pulani Imene a Mizere Anaikaniza

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1955, mwana woyamba m'banja la ana atatu. Patatha zaka ziwiri kunabadwa mng'ono wawo, amene nonse mumawadziwa kuti a Khansala, akhala apowo. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo womaliza kubadwa. Abale anandipempha kuti ndiwerenge zokoma zokhazokha, koma achimwene anga ankadana ndi mzere wokhota, ndiye mundikhululukire, ndinena mmene zinalili.

Anayamba sukulu mu 1962. Anali mwana wofatsa, wa makope aukhondo, wosalakwitsa masamu. Mng'ono wawo anali wapakamwa, amene aphunzitsi ankamuimika kutsogolo kukabwera alendo. Mphoto ya masamu inkabwera kunyumba mwakachetechete, pamene m'manja ankawombera wolankhulayo. Nsanje ya achimwene inayambira pamenepo, ndipo sindichita manyazi kuitchula, chifukwa sinali nsanje yopanda pake.

Mu 1976 anamaliza maphunziro a zojambula mapulani, ndipo pa 1 Febuluwale 1977 analembedwa ntchito ku khonsolo ya mzinda uno. Ofesi yawo inali kumapeto kwa khonde, moyandikana ndi mosungira matsache. Munali tebulo lopendekeka, rula yaitali ndi chitini cha mapensulo osongoka bwino. Anzawo anawapatsa dzina loti a Mizere. Msewu umene mwayenda pobwera kuno, ngalande zake, ngakhale msika uja, zonse zinayambira pa pensulo yawo. Koma dzina la wojambula limalembedwa m'kabokosi kakang'ono kumunsi kwa pepala, pepalalo n'kutsekeredwa m'kabati.

Anamanga banja pa 14 Ogasiti 1982. Alamu anga ali pano, angachitire umboni kuti anali bambo wosamala ana, wosamwa, wosakweza mawu m'nyumba. Vuto linayamba mu 1996 pamene mng'ono wawo anasankhidwa kukhala khansala. Wailesi ikangotchula dzina lawo, achimwene ankaitseka ngakhale nkhani zili pakati.

Mu 1999 khonsolo inaganiza zomanga sukulu ya pulayimale kumtunda kuja, chifukwa ana a kumeneko ankawoloka msewu waukulu popita kusukulu yakutali, ndipo awiri anali atagundidwa kale ndi galimoto. Achimwene anayenda pamalopo milungu itatu ndi tepi yoyezera, mpaka nsapato kutha. Zikhomo za malire anakhoma ndi manja awo. Sukulu inatsegulidwa pa 6 Sepitembala 2001, ndipo pamwala wa pageti panalembedwa dzina la a Khansala, munthu woti rula sadziwa n'kogwirira komwe! Achimwene anauyang'ana mwalawo, kuuyang'ananso, n'kubwerera kunyumba osalawa kanthu paphwandopo. Kuyambira tsiku limenelo abale awiriwa ankangopatsana moni wa pamsewu.

Anapuma pantchito mu 2015. Ojambula akale anali ndi chizolowezi chosunga kunyumba kope la pulani iliyonse, pa pepala lopyapyala loonekera mkati, atalikulunga m'paipi. Achimwene anali ndi mapaipi oterewa oposa makumi awiri pamwamba pa kabati ya zovala, ndipo alamu sankaloledwa ngakhale kupukutapo fumbi.

Mu Januwale chaka chino mvula inalowa m'chipinda cha mafayilo ku khonsolo, mapulani akale onse n'kusanduka phala. Posakhalitsa kunatulukira anthu ofuna kumanga masitolo, akunena kuti bwalo la mpira ndi makalasi anayi a m'mphepete zili kunja kwa malire a sukulu. Popanda pulani yoyamba khonsolo inalibe poyankhira, ndipo ana mazana atatu akanayambanso kuwoloka msewu uja. Kope lotsala linali limodzi, ndipo aliyense ankadziwa kumene linali.

A Khansala anapitako katatu. Ulendo woyamba anauzidwa kuti achimwene agona. Wachiwiri anauzidwa kuti mapepala anadyedwa ndi chiswe. Wachitatu achimwene anatuluka okha n'kunena kuti, “Kaufunseni mwala wa pageti uja, si ndi umene unajambula?” Ine ndinapita n'kuwakalipira mpaka mawu kusasa, kuwauza kuti akulanga ana osalakwa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, “Iwe, ndikapereka lero, mawa pa wailesi atamanda ndani?” Yankho tonse tinkalidziwa. Nkhaniyi inkawadya mumtima, chakudya ankangochitosatosa, koma mapaipi aja sanatsike.

Mu Juni anayamba kudandaula za impso, ndipo pa 20 Ogasiti anagonekedwa m'chipatala. Kumeneko kunabwera amayi aja, mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, kudzawazonda. Za pulani sanatchule n'komwe. Anangofunsa kuti zinatheka bwanji kuti m'sukulu zonse zimene anaphunzitsamo, imeneyi yokha ndi imene dzuwa la masana silithobwa ana m'maso. Abale anga, mukanawaona wodwalayo! Anadzuka n'kukhala tsonga, n'kuyamba kufotokoza mmene anatembenuzira makalasi, chifukwa chimene mawindo anawaika m'mwamba, kumene madzi amathamangira mvula ikagwa. Analankhula mpaka anamwino anachita kudzatitulutsa. Zaka makumi awiri ndi ziwiri, palibe amene anali atawafunsapo.

M'mawa mwake anauza alamu kuti akatenge paipi yachisanu ndi chiwiri kuchokera kumanzere. Anaipereka m'manja mwa aphunzitsi aakulu aja n'kuwalumbiritsa kuti akaitule okha ku khonsolo, ndipo a Khansala asaikhudze ngakhale ndi chala. Nsanje sinathe ayi, ndisakunamizeni. Koma anapereka akudziwa bwinobwino kuti ulemu upita kwa wina.

Malemu anatisiya Lachiwiri, pa 3 Okutobala 2023, ali ndi zaka 68. Lachinayi khonsolo inatambasula pepala lija, anthu anapita kukakumba, ndipo zikhomo zinapezeka pomwe mizere inasonyeza. Sukulu siikhudzidwa. Dzulo kwafika kalata yothokoza yochokera ku khonsolo, ndipo yalembedwa kwa a Khansala, kuwayamikira chifukwa cha khama lawo. Achimwene, munanena zoona. Ine mtima wandiwawa, mpaka pano ukundiwawa. A Khansala anabwera nayo okha kalatayo, misozi ili mbwembwembwe, n'kupempha kuti dzina lawo lichotsedwe pa mndandanda wa olankhula lero. Akuti akangoimirira, maso onse apitanso kwa iwo. Banja lavomera.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mng'ono wawo ndi ine mlongo wawo. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawapirira, a mpingo, anansi amene akhala nafe masiku onsewa, ndi amene atikonzera manda. Tikuthokoza aphunzitsi aakulu chifukwa cha funso lawo lija. A khonsolo, zikomo chifukwa cha galimoto, koma za kalata ija tikambirana tikachoka kumanda.

Achimwene, nsanje ija itulani tsopano, yakulemerani nthawi yaitali. Khamu lonse ladzaza panoli silinabwere chifukwa cha wina aliyense, labwera chifukwa cha inu. Mzimu wanu uuse mumtendere.