Mvula yoyamba ndi ya denga

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1951, achiwiri m'banja la ana asanu. Sukulu anayamba mu 1959, koma anasiyira panjira bambo awo atamwalira. Mu 1972 analowa ntchito yaudalaivala pa fakitale ya sopo, ndipo mu 1978 anamanga banja ndi mayi akhala apawa.

Mu 2010 mayiwa anaterereka ndi ndowa pamutu akuchokera kotunga madzi, n'kuvulala msana. Adokotala anawaletsa kusenza. Koma mpopi wapakhomo unkangotulutsa mpweya, ngakhale bilu yake sinkaphonya mwezi. Madzi ogula pawilibala ankadya ndalama ya chakudya, choncho mayi ankazemba n'kukatunga okha, msana ukuwawa chomwecho. Malemu zinkawapweteka mtima kwambiri.

Mu 2012 anapuma pantchito. Aliyense ankadziwa kuti penshoni ija igula minibasi, poti inali nyimbo yawo ya tsiku ndi tsiku. Koma iwo anagula simenti, njerwa ndi mapaipi, anapinditsa ngalande zamalata m'mphepete mwa denga, n'kumanga thanki kuseri kwa khitchini. Ndalama yonse inathera pamenepo. Alamu awo anawaseka kuti akwirira minibasi m'njerwa, ndipo dzina loti a Thanki linayambira pomwepo. Malemu ankangoyankha kuti minibasi imamwa mafuta ogula, pomwe thanki imamwa zaulere.

Chaka choyamba anachita phuma, ndipo phuma silinawakomere. Analowetsa mvula yoyamba yonse m'thanki, pamodzi ndi fumbi la chaka chathunthu, zitosi za mbalame ndi buluzi wakufa. Madzi ananunkha, anawataya onse, mayi n'kubwerera kundowa mpaka mvula ina. Kuyambira pamenepo anaika sefa ndi chivindikiro chotchinga udzudzu, n'kukhazikitsa lamulo limene mwana aliyense wa pakhomo pano amaliloweza: mvula yoyamba ndi yotsuka denga, yachiwiri ndiye yathu. Mitambo ikayamba kuda, ankakwera makwerero kukachotsa paipi yolowa m'thanki. Ambiri mwa inu munatungapo pathankiyi mipopi itauma, ndipo palibe amene anauzidwa mtengo.

Mu Juni chaka chino anayamba kudandaula za mtima. Anagonekedwa m'chipatala kawiri. Ulendo wachiwiri, mpweya ukuvuta kale, anaitana mwana wawo wamkazi womaliza. Tinkayesa kuti akamba za katundu, koma anamuuza kuti akachotse paipi ija poti mitambo yayamba, kuopa kuti madzi angaonongeke amayi ake n'kuyambanso kusenza. Anatisiya pa 4 Novembala m'mawa.

Asiya mayi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi zinayi ndi mchemwali wawo mmodzi. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, anzawo akale akufakitale amene apereka galimoto, ndi inu nonse oyandikana nafe amene simunatisiye tokha. Madzi amene mwasamba m'manja ndi kumwa pamaliro ano ndi a m'thanki yawo. Mvula yoyamba ija munaiona dzulo masana, ndipo inapeza paipi itachotsedwa kale. Denga layera, ndipo lero m'mawa mwana uja waibwezera paipi m'malo mwake.

A Thanki, pitani bwino, mayi sadzasenzanso ndowa. Mzimu wanu uuse mumtendere.