Mthethe Womaliza wa Bambo Cyprian Ndau

Malemu anabadwa pa 14 Meyi 1951 ku Champiti. Ine ndikuwerengane ndine Obed, mng'ono wawo.

Sukulu anaphunzira ku Nzama. Mu 1974 analowa ntchito ya zankhalango, ndipo mu 1976 anamanga banja ndi mayi Lufina.

Ntchito yawo inali yodziwa mitengo yaminga: mthethe, nsangu ndi inzake. Ankati mitengo imeneyi ndi ya banja limodzi ndi nyemba ndi nandolo, umboni wake makoko. Ife tinkawaseka kuti atiphikireko ndiwo za mthethe tilawe. Iwo sankapsa mtima. Ankafunsa akuluakulu dzina la mtengo uliwonse, n'kulilemba m'buku pambali pa dzina la Chilatini, kenaka n'kukhoma kachitsulo ka mayinawo pa thunthu. M'dera lathu anakhoma mitengo makumi anayi ndi itatu, kuti adzukulu asadzangoti "mtengo waminga."

Anapuma pantchito mu 2006. Mu 2011 anamva kuti akatswiri akunja agwirizana zoti dzina la Chilatini la mitengo yamingayi, Akesha, likhale la mitengo ya ku Australia yokha, yathuyi ipatsidwe mayina ena. Zinawawawa kwambiri. Anayamba kulemba tizitsulo tatsopano, koma maso anali atayamba kuchita khungu, ndipo akafika pamene panali mtengo ankapeza chitsa ndi uvuni wa makala. Bukulo tinalisunga m'katoni, chiswe n'kulidya. Sitinawauze.

Pofika chaka chatha unatsala mthethe umodzi wokha, kuseri kwa khola. M'mawa uliwonse ankapita kukapapasa kachitsulo kake. Anadwala sitiroko mu Epulo, ndipo pamene ankatha kuyankhula anatipempha chinthu chimodzi: mtengowo tisaudule. Anatisiya pa 3 Julayi 2024.

Asiya mayi Lufina, ana atatu, Mfundo, Hannah ndi Chrispine, ndi adzukulu asanu ndi awiri.

Tikuthokoza ampingo, amayi ophika, adzukulu okumba manda, ndi abambo amene munathamanga kukatema nkhuni uthenga utangomveka, monga mwa mwambo wathu. Sitikukudzudzulani. Ife tinali kuchipatala, panalibe wokuuzani, ndipo mtengo wapafupi unali mthethe womwewo. Kachitsulo kaja takapeza m'phulusa lero m'mawa, zilembo zitafufutika. Takaika m'bokosi mwawo.

Achimwene, tinalephera. Tikhululukireni, ndipo muuse mumtendere.