Bambo Wonyamula Mpopi

Pamzere wa kuchipatala cha ana, bambo wina anafungatira mpopi wachitsulo ngati khanda, kamwana kake katatseka makutu ndi manja. Mayi wakumbuyo anamukodola.

"Bambo, mumakonza mipopi? Wanga ukudontha."

"Ayi mayi, ndi wa abwana awa. Amagona nawo, amadya nawo. Mukangowalanda, aneba amabwera kudzapepesa maliro."

"Osamugulira kagalimoto bwanji?"

"Tinagula. Katangolira kamodzi, anakaponya m'chimbudzi. Phokoso amadana nalo."

"Koma amayankhula?"

"Zaka zinayi, liwu limodzi lokha. N'chimene tabwerera kwa adokotala."

"Liwu lanji? Amama?"

"Mpopi."

"Kalanga ine! Nanga inu amakuitanani bwanji?"

Bamboyo anausisita mpopi uja.

"Mukuganiza ndimaunyamuliranji? Akangoti 'mpopi', ndimathamangira kuyankha ndine: 'Wawa!'"