Makina Owongola Mawu

Terrance, mkamwini wa ku Zemba, ankajambulira nyimbo m'kachipinda kosungiramo mtedza. Tsiku lina apongozi ake, a Lonia, atayimba nyimbo ya chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, anakana kuchoka asanaphunzire mmene laputopu imasinthira mawu.

"Kabatani aka kamakweza mawu, amayi," anatero Terrance, maso ali pansi mwaulemu.

A Lonia anayang'ana kudenga. "Kuwakweza mpaka pati? Malatawa atentha."

"Iyayi, amangowonda. Tamverani."

Anadina. M'sipika munatuluka timawu tonga ta mwana wa sukulu ya mkaka.

"Mwana wa yani ameneyu? Akundiyerekeza."

"Ndinu nomwe, amayi. Tsopano nditsitse."

Anapotokola kwina. Nyimbo yomweyo inabangula ngati ng'ombe yapangolo.

A Lonia anakonza chitenje msangamsanga. "Aa, muli mwamuna mmenemu? Ine ndine wachigwirizano, apongozi. Abusa akamva adzati chiyani?"

"Mulibe munthu. Ndi mawu anu, ndangowanenepetsa."

"Ine ndikuwonda ndi kupalira, mawu anga akunenepa kwa inu?"

Terrance anapukuta thukuta. Kunena zoona, apongoziwo ankayimba mophotchola, koma munthu wokhala pamudzi wa eni angayambire pati kunena zimenezo? Anaganiza zozungulira.

"Chachikulu ndi ichi, amayi. Kabatani kameneka kamawongola mawu."

"Anga ndi okhota?"

"Ayi, ayi. Ndikunena a anthu ena."

"Nanga mwakayatsiranji pa ine?"

"Kamangoyaka kokha," ananama Terrance. "Koma n'kamphamvu. Mawu akaphonya njira, kamawabweza pamzere."

"Aliwonse?"

"Aliwonse."

"Ngakhale okhota kwambiri?"

"Olo akhote ngati msewu wa ku Mlolo. Sikanalepherepo."

"Eni mawuwo atakana?"

"Sikafunsa, amayi," anatero akudzigunda pachifuwa, poti tsopano phunziro linkaoneka kuti lalowa. "Munthu amangoyankhula, iko n'kutulutsa zolunjika."

A Lonia anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anapukuta chala pachitenje, nadina kabataniko okha, kenaka anatembenuzira maikolofoni kwa mkamwini wawo.

"Eya, ndaphunzira. Sunthirani kuno, apongozi, muyankhulire apa."

"Ndiyimbe nyimbo yanji?"

A Lonia anakhala pathumba la mtedza, napinda manja.

"Musayimbe. Mungobwereza mawu aja munandiuza, oti mbuzi yanga inagwidwa ndi fisi sabata yomwe munagula makinawa."